Kompyuta ikakana kubweza kaundula

Masiku ano munthu ukalowa m'sitolo yaikulu ya pa boma, pa famase, mu ofesi ya sukulu yolipira kapena ku Sacco, buku lachikuto cholimba lija sulionanso pa kauntala. Maina a ana ndi fizi imene makolo alipira, masheya ndi ngongole za mamembala, ngakhale matumba a shuga amene atsala m'sitolo, zonse zidasamukira m'kompyuta. M'zipatala zambiri za boma namonso, wodwala akafika kukalandira ma ARV mbiri yake imatuluka pa galasi longodina ndi chala.

Zinthu zimayenda myaa mpaka tsiku limene kompyutayo yapsa ndi mphenzi, yabedwa, kapena yangokana kuyaka magetsi atabwera mwamphamvu pambuyo pothima tsiku lonse. Pamenepo mawu otonthoza amakhala amodzi: musade nkhawa, backup ilipo. Backup ndi zonse za m'kaundula zokoperedwa ndi kusungidwa padera, kaya pa fulashi, pa kompyuta ina kapena pa intaneti.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kukhala ndi backup ndi nkhani ina, kuibwezeretsa ndi nkhani inanso. Katswiri akhoza kubwera ndi kompyuta yatsopano, kulowetsa fulashi, kuyamba ntchito, koma pasanathe ndi mphindi imodzi yomwe kompyutayo n'kuima ndi uthenga wa Chingerezi wakuti "Can't create table," kutanthauza kuti yalephera kukonza tebulo. Panja pali mzere wa mamembala ofuna ngongole ya feteleza, kapena makolo amene adalipira fizi koma lisiti adataya.

Amalawi akudziwa kuwawa kwa kaundula akaima. Mu Febuluwale 2024, Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti kusindikiza mapasipoti kudaima chifukwa achiwembu adalowerera makompyuta a nthambi ya Immigration n'kumafuna dipo. Padapita masabata angapo ntchitoyo isanayambirenso, ndipo ofuna kupita kunja kukaphunzira, kukachita malonda kapena kukalandira chithandizo cha mankhwala adangoti kakasi. Chidayambitsa vuto kumeneko chinali china, koma funso limene limatsatira ndi lomwelo kulikonse: kodi zimene zidasungidwa zibwerera?

Kawirikawiri yankho limagona pa zimene katswiri ndi mwini ofesi achite m'mphindi zochepa uthenga wokana uja utangotuluka.

Tebulo lake si lodyerapo nsima

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino kuyambira pa msungichuma wa banki m'khonde. Mayiyu akagula buku latsopano sayamba ndi kulemba maina ayi. Amatenga lula ndi cholembera n'kujambula mizere: chigawo cha nambala, cha dzina, cha mudzi, cha tsiku ndi cha ndalama. Tsamba lina amalipatula kuti likhale la ngongole, lina la zindapusa za ochedwa pa msonkhano. Akamaliza kujambula m'pamene amayamba kulemba.

Tsamba lojambulidwa mizere chotere ndi limene a makompyuta amalitcha tebulo. Matebulo angapo olumikizana amapanga nkhokwe imene imatchedwa database. Nzeru yosunga zinthu m'matebulo olumikizana adaifotokoza ndi Edgar Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku America, m'chaka cha 1970. Mpaka lero mabanki, zipatala ndi masukulu akuyendera nzeru yomweyo.

Mapulogalamu osunga nkhokwe zotere alipo ambiri, koma ena mwa otchuka ndi atatu amene amapezeka mwaulere: MySQL, MariaDB ndi PostgreSQL. MySQL idatuluka mu 1995, ndipo mmodzi mwa amene adaipanga, Michael Widenius wa ku Finland, adaitcha dzina la mwana wake wamkazi My. Mu 2009 bamboyu adapatuka n'kuyamba ina yofanana nayo, MariaDB, dzina la mwana wake wina, Maria. Awiriwa ndi pachibale, koma pamene zaka zikupita akunka nasiyana, ndipo chimene wina walemba si nthawi zonse pamene mnzake amachimva.

Kusiyana kwa kompyuta ndi msungichuma n'kwakuti kompyuta sinyengerera. Mayi uja tsamba likadzaza amalemba m'mphepete, lula ikasowa amajambula ndi chikuto cha buku lina. Kompyuta ikalephera kujambula tebulo monga mmene yalamulidwira, maina onse ndi ndalama zonse zimene zimayenera kulowa m'tebulomo zimasowa pokhala. Zimakhala zilipo m'fayilo, koma palibe angaziwerenge pa kauntala.

Imayamba ndi kugumula

Backup zambiri za MySQL zimapangidwa ndi kapulogalamu kotchedwa mysqldump. Fayilo imene kamatulutsa ndi mndandanda wautali wa malamulo olembedwa m'mawu, ndipo munthu akhoza kuitsegula n'kuwerenga. Pa tebulo lililonse pamakhala malamulo atatu. Loyamba limati ngati tebulo la dzina ili lilipo kale, ligumule. Lachiwiri limati jambula latsopano ndi zigawo zakutizakuti. Lachitatu limati lembamo mizere iyi.

Ngozi ili pakati pa lamulo loyamba ndi lachiwiri. Si nthawi zonse pamene anthu amathamangira backup chifukwa kompyuta yapsa. Nthawi zina kalaliki wangofufuta mwangozi malipiro a sabata imodzi, zina zonse zili bwinobwino. Katswiri wopupuluma akathira backup pamwamba pa nkhokwe imene ikugwira ntchito, kompyuta imamvera lamulo loyamba, tebulo lakale n'kupita ndi zonse za m'kati mwake. Lamulo lachiwiri likakanika, ofesi imatsala m'manja muli lende: lakale lapita, latsopano silidabwere. Mu MySQL, tebulo likagumulidwa palibe batani lobwezera m'mbuyo. Madzi akatayika sawoleka.

Zili ngati kusasula nyumba yakale mvula ili pafupi, usanaone ngati njerwa za yatsopano zapsa.

N'chifukwa chake lamulo loyamba pa ntchitoyi ndi lakuti backup sathira pamwamba pa nkhokwe yamoyo. Katswiri wosamala amayamba wakopera zimene zatsala, ngakhale zikuoneka zoonongeka, n'kuziika padera. Kenako amatsegula nkhokwe ina yopanda kanthu, ya dzina lina, ndipo m'menemo ndi mmene amayesera. Zikakanika, palibe chimene chatayika.

PostgreSQL ili ndi njira yake yotetezera. Munthu akhoza kuiuza kuti ntchito yonse ikhale mtolo umodzi: zitheke zonse, apo ayi pasasinthe kalikonse. Koma ikapanda kuuzidwa chomwecho, imadumpha pamene pavuta n'kupitirira, ndipo munthu amene sadayang'anitsitse mauthenga amaganiza kuti ntchito yatheka.

Kompyuta imanena chimene chavuta

Uthenga wokana uja sukhala wopanda mutu. Umabwera ndi nambala, ndipo kawirikawiri umatchulanso mzere wa m'fayilo pamene ntchito yaimira. Nambala imeneyo ili ngati kapepala ka dokotala: amene amadziwa kukawerenga amadziwa mankhwala ake.

Nambala 1050 mu MySQL imatanthauza kuti tebulo la dzina limenelo lilipo kale. Izi zimachitika pamene backup ilibe lamulo logumula lija, makamaka munthu akamayesa kachiwiri ntchito itaimira pakati ulendo woyamba. Mankhwala ake si kufufuta matebulo mwachisawawa ayi, koma kuyambiranso m'nkhokwe yopanda kanthu.

Nambala 1142 ndi 1044 zimanena za chilolezo. Dzina limene katswiri walowera nalo lili ndi mphamvu yowerenga kapena kulemba, koma osati yojambula matebulo. Zili ngati mlonda amene ali ndi kiyi wa pageti koma alibe wa ofesi ya abwana. Apa backup ilibe vuto lililonse, chofunika ndi kupeza amene ali ndi dzina lamphamvu ndi pasiwedi yake. Ofesi imene pasiwedi imeneyi idangotsala m'mutu mwa mnyamata amene adaika pulogalamu zaka zisanu zapitazo, yemwe pano ali ku Joni, imaona zakuda pa tsiku ngati limeneli.

Nambala 28 ikaoneka m'kati mwa uthenga, ndiye kuti malo atha m'kompyuta. Fayilo ya backup imaoneka yaing'ono chifukwa nthawi zambiri imakhala yopanikizidwa, koma ikamasulidwa imafufuma kangapo. Mafilimu ndi nyimbo zimene antchito adadzaza m'kompyuta ya ofesi zikhoza kulepheretsa kaundula wa mamembala kubwerera.

Yovutirapo ndi 1005 ikabwera limodzi ndi 150. Iyi imakhudza ubale wa matebulo. Tebulo la ngongole sililemba dzina lonse la wokongola, limangolemba nambala yake n'kuloza ku tebulo la mamembala. Kompyuta imafuna kuti chigawo cha nambala chikhale cha mtundu umodzi mbali zonse ziwiri. Ngati kwina ndi cha manambala okhaokha pamene kwina ndi cha zilembo, kapena tebulo lolozedwalo kulibe, imakana kujambula la ngongole. Mitundu yatsopano ya MySQL imapereka nambala zina pa vutoli, koma dandaulo ndi lomwelo.

Kapulogalamu ka mysqldump kamaika mzere kumayambiriro kwa fayilo wopempha kompyuta kuti iyambe yaleka kufufuza ubalewu mpaka matebulo onse atajambulidwa. Munthu akadula fayilo kuti angobweza tebulo limodzi, mzere umenewu umatsala, ndipo mwana amafika kholo lisanafike. Kubwezeretsa mzerewo kumathetsa vuto la ndondomeko, koma sikuthetsa la zigawo zosiyana mtundu. Limenelo limafuna kuti katswiri aike matebulo awiriwo pambalipambali n'kuona pamene asiyana.

Palinso 1067, imene imakonda kugwira mapulogalamu akale. Opanga mapulogalamu ena ankati tsiku likakhala losadziwika, monga tsiku lobadwa la agogo amene amangokumbuka kuti adabadwa chaka cha dzombe, kompyuta izingolemba 0000-00-00. Kuyambira mtundu wa 5.7, umene udatuluka mu 2015, MySQL idayamba kukana tsiku lotere pokhapokha itauzidwa kuti ifewetse lamulo. Backup imene ilibe mzere wopempha zimenezo imaimira pa tebulo loyamba lokhala ndi tsiku la maziro.

Nkhani ya ka ŵ

Vuto limene lakula m'zaka zaposachedwa ndi la nambala 1273. Limabwera pamene backup idapangidwa pa pulogalamu yatsopano koma ikubwezeretsedwa pa yakale. MySQL 8.0, imene idatuluka mu Epulo 2018, idabwera ndi lamulo latsopano losanjira zilembo, lija limagamula ngati Banda ndi BANDA ndi dzina limodzi, komanso dzina liti liyambe pa mndandanda. Dzina la lamulolo, utf8mb4_0900_ai_ci, limalembedwa pa matebulo m'fayilo ya backup. MySQL 5.7 ndi MariaDB yakale sizilidziwa, choncho zimakana tebulo loyamba lomwelo.

Njira yoongoka ndi kuika pulogalamu ya mtundu womwewo umene udapanga backup, kapena watsopano kuposa pamenepo. Kukwera n'kosavuta, kutsika ndiye kumavuta. Ndiponso MySQL 5.7 eni ake adasiya kuisamalira mu Okutobala 2023, kotero kubwerera kumeneko n'kudziika pa ngozi ina.

Ngati palibe kuchitira mwina, akatswiri amakopera fayiloyo n'kusintha dzina la lamulo lija kuika lakale la banja lomwelo la utf8mb4. Apa mpamene Chichewa ndi Chitumbuka zimalowa m'nkhaniyi. Wina wofuna zachangu akhoza kusinthira ku latin1, kalembedwe kakale ka zinenero za kumadzulo kwa Ulaya, chifukwa kompyuta iliyonse imakalandira. Tebulo limajambulika, uthenga wokana umasowa, aliyense n'kupuma. Koma mu latin1 mulibe ŵ, w wa kachipewa uja. Paliponse pamene padalembedwa Malaŵi, kapena dzina la munthu ndi la mudzi lokhala ndi chilembochi, pamatuluka chizindikiro cha funso kapena tizilembo tosamveka. Patapita miyezi, mayi wina amabwera kudzafunsa masheya ake, kalaliki n'kulemba dzina molondola, kompyuta n'kuyankha kuti munthu wotero kulibe.

Fayilo yodukira panjira

Nthawi zina vuto silikhala pa kompyuta yatsopano koma pa backup yeniyeniyo. Magetsi akathima fayilo ili m'kati molembedwa, kapena wina akazula fulashi msanga, fayiloyo imadukira panjira. Dzina lake limaoneka, deti lake limaoneka, koma m'kati muli theka. Fulashi zambiri zimabweranso ndi kakonzedwe kotchedwa FAT32, kamene sikalola fayilo imodzi yoposa 4 GB.

Pali njira yapafupi yodziwira. Fayilo ya mysqldump imene idatha bwino imathera ndi mzere wakuti "Dump completed on," kutsatira deti ndi nthawi. Mzere umenewu ukasowa, kapena fayilo ikathera pakati pa dzina la munthu, m'pofunika kukayikira. Kukula kwake nakonso kumanena zambiri. Kaundula amene amakula mwezi ndi mwezi sangatulutse backup yaing'ono kuposa ya mwezi watha popanda chifukwa.

Yesero lalikulu kwa katswiri wotopa ndi kamawu kakuti force. Mwachizolowezi MySQL imaima pa vuto loyamba. Ikauzidwa kamawu aka, imadumpha chilichonse chimene chakanika n'kufika kumapeto. Ntchito imaoneka ngati yatha, pulogalamu imatseguka, maina a mamembala amaoneka. Koma ngati tebulo limene lidadumphidwa ndi la zobweza ngongole, amene adamaliza kubweza amaonekabe ngati ali ndi ngongole, kapena pulogalamu imangoima tsiku limene wina wafunsa za ngongole. Mkangano wake umathera kwa amfumu kapena kupolisi. Kamawuka kali ndi ntchito yake, monga kuonetsa mavuto onse nthawi imodzi pa nkhokwe yoyeserera, koma si mankhwala.

Zidaonekera ku GitLab

Wina angaganize kuti zoterezi zimagwera maofesi ang'onoang'ono okha opanda ndalama. Zimene zidachitika ku GitLab, kampani imene imasungira opanga mapulogalamu a m'maiko ambiri ntchito zawo pa intaneti, zikuonetsa kuti tsokali silisankha.

Usiku wa pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa kampaniyo ankakonza nkhokwe yachiwiri imene idasiya kuyendera limodzi ndi yaikulu. Pofuna kufufuta za m'nkhokwe yachiwiriyo kuti ayambirenso, adalemba lamulo lofufuta ali pa kompyuta ya nkhokwe yaikulu. Adazindikira patangopita kamphindi n'kuimitsa, koma pa pafupifupi 300 GB padangotsala 4.5 GB.

Kampaniyo inali ndi njira zisanu zotetezera nkhokwe yake. Chuluke chuluke ngwa njuchi. Atapita kukatenga backup ya tsiku ndi tsiku, adapeza malo osungiramo ali mbee. Malinga ndi lipoti limene kampaniyo idatulutsa mu Febuluwale chaka chomwecho, kapulogalamu kopanga backup kanali ka mtundu wa 9.2 pamene nkhokwe inali pa PostgreSQL 9.6, choncho kankalephera tsiku lililonse. Kompyuta inkatumiza makalata a imelo onena za kulepherako, koma makalatawo ankakanidwa panjira, osafika kwa munthu. Njira zina nazo zidapezeka kuti sizinkagwira ntchito monga mmene ankaganizira, kapena sizidatchedwe n'komwe pa makompyuta a nkhokwe.

Chidawapulumutsa ndi mwayi. Maola pafupifupi 6 ngoziyo isanachitike, katswiri adakopera nkhokwe yonse pamanja pofuna kuyeserera zinthu zina. Kubwezeretsa kuchokera pamenepo kudatenga maola pafupifupi 18, ndipo kampaniyo idaonetsa ntchito yonseyo pa YouTube, anthu zikwi akuonerera. Zimene zidalembedwa m'maola a pakatiwo zidapita: ntchito za anthu pafupifupi 5,000, ndemanga pafupifupi 5,000 ndi maina a anthu pafupifupi 700 amene adangolembetsa kumene. Mkulu wa kampaniyo pa nthawiyo, Sid Sijbrandij, adapepesa poyera.

Ku GitLab vuto lidagwira popanga backup, osati pojambula tebulo, koma mizu yake ndi yomweyo: mapulogalamu osiyana mitundu, ndi uthenga wa kompyuta umene palibe adauwerenga. Lipoti lija lidavomera chinthu chimodzi chimene ofesi iliyonse ingadzifunse. Backup sizinkayesedwa chifukwa panalibe munthu amene adapatsidwa udindo woziyesa.

Tsiku la tsoka likafika

Mwini sitolo, mphunzitsi wamkulu kapena wapampando wa komiti safunika kudziwa chinenero cha makompyuta kuti ateteze kaundula wake. Chimene angachite ndi kuima pafupi ndi katswiri n'kuonetsetsa kuti zinthu zikuyenda mwa ndondomeko. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba, uthenga wokana ukangotuluka, ntchito iime. Wina aujambule ndi foni kuti nambala ndi mzere zioneke bwino. Mauthenga akakhala ambiri, wofunika ndi woyamba, chifukwa enawo kawirikawiri amakhala ana ake: tebulo limodzi likakanika, mizere yonse imene imayenera kulowamo imadandaulanso.

Chachiwiri, fayilo ya backup ikoperedwe kawiri isanakhudzidwe. Kusintha kulikonse kuchitike pa yokoperayo. Kompyuta yakale, ngakhale yakufa, isatayidwe kapena kufufutidwa, pakuti chosungira cha m'kati mwake chikhoza kukhala chamoyo.

Chachitatu, katswiri aone mtundu wa pulogalamu imene idapanga backup. Mu fayilo ya mysqldump zimenezi zimalembedwa m'mizere yoyambirira. Aike mtundu wogwirizana nawo, aone ngati malo alipo okwanira ndiponso ngati dzina limene walowera nalo lili ndi mphamvu.

Chachinayi, akonze vuto limodzi, afufute nkhokwe yoyeserera ija, ayambirenso pachiyambi. Kukonza zinthu zitatu nthawi imodzi kumasokoneza, chifukwa sadziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga.

Chachisanu, ndipo apa mpamene mwini ofesi amaposa katswiri, zobwererazo ziwerengedwe. Matebulo alipo angati poyerekeza ndi a m'fayilo? Mamembala alipo angati? Ndalama zonse za mwezi watha zikufanana ndi za pa lipoti losindikiza kapena pa sitetimenti ya ku banki? Msungichuma asankhe anthu khumi amene akuwadziwa bwino, kuphatikizapo wa dzina lokhala ndi ŵ, aone ngati mbiri yawo ili yonse. Zimene zidachitika pakati pa tsiku la backup ndi tsiku la ngozi zilowetsedwenso kuchokera m'mabuku a malisiti, ndipo n'chifukwa chake mabuku amenewa si oyatsira mbaula.

Pofuna thandizo kwina, pafunikanso kusamala. M'fayilo ya backup muli maina, manambala a foni, ngongole, mwinanso matenda a anthu. Kuitumiza pa gulu la WhatsApp kuti aliyense ayese nzeru zake n'kuulula zinsinsi za eni ake. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Wofuna uphungu atumize uthenga wokana uja, osati kaundula yense.

Kuyesa kusanade

Mavuto onsewa, kuyambira 1050 mpaka fayilo yodukira panjira, ali ndi khalidwe limodzi: amaoneka pokhapokha wina akayesa kubwezeretsa. Akaonekera tsiku wamba, kompyuta yaikulu ikugwira ntchito, ndi nkhani ya ola limodzi ndi kapu ya tiyi. Akaonekera kompyuta itapsa, ndi maliro.

Mlimi wanzeru amatsegula thumba la m'nyumba nthawi ndi nthawi kuona ngati anankafumbwe sadalowe, sadikira mwezi wa Febuluwale. Chimodzimodzi ofesi iyenera kusankha tsiku, kaya kamodzi pa mwezi kapena pakutha pa teremu, lotenga backup yatsopano n'kuibwezeretsa pa kompyuta ina, kenako kuwerenga monga tafotokozera. Pakhale munthu wodziwika ndi dzina amene ntchitoyi ndi yake, ndipo azisaina m'buku kuti wayesa. Mtundu wa pulogalamu ndi pasiwedi yamphamvu ija zilembedwe, ziikidwe mu envulopu yomata, zisungidwe kumene kumasungidwa mabuku a cheke.

Akatswiri amalimbikitsanso lamulo la 3-2-1: kaundula akhale m'malo atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo chimodzi chikhale kutali ndi ofesi. Fulashi imene imagona m'dirowa ya pansi pa kompyuta imapita limodzi ndi kompyutayo akuba akathyola, ndipo imapsa nayo limodzi moto ukabuka.

Mamembala a Sacco ndi makolo a ana asukulu nawonso ali ndi mbali yawo, poti ndalama zili m'matebulomo ndi zawo. Pa msonkhano waukulu wa pachaka, pambali pofunsa za phindu ndi za fizi, pali mafunso atatu amene sachititsa manyazi: backup yomaliza idapangidwa liti, ikusungidwa kuti, ndipo idayesedwa liti n'kupezeka kuti ikubwerera yonse?

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Komiti ikayankha mafunso awiri oyamba n'kuyamba kukanda m'mutu pa lachitatu, mamembala apemphe kuti tsiku loyesa lilembedwe m'maminitsi msonkhano usanatsekedwe.